GALIMOTO YOPULUMUTSA MOYO KUMENE MSEWU WATHERA

Mvula ikagwa usana ndi usiku kwa masiku atatu m'chigwa cha Shire, dothi la makande limaleka kukhala dothi, limasanduka phala lomata. Woyenda pansi amavula nsapato, wanjinga amasenza njinga yake paphewa, ndipo ng'ombe zokoka ngolo zimangoima chiimire ngakhale mwini wake azikwapule chotani. Tsono pa usiku wotero, pa chipatala chaching'ono cha kutsidya kwa mtsinje, mayi wina wachira ndipo mwana walira bwino, koma magazi akukana kuleka. Mzamba wachita zonse zimene anaphunzira. Chimene chatsala n'chakuti mayiyo afike ku chipatala chachikulu kumene kuli dokotala, chipinda cha opaleshoni ndi magazi omuika m'thupi. Uthenga watumizidwa, ambulansi yanyamuka ku boma, koma yatitimira pa khwawa lachiwiri kuchokera pa msewu wa tala. Odziwa za uchembere amati mayi wotaya magazi atangobereka angathe kumwalira pasanathe maola awiri ngati salandira chithandizo. Maola awiriwo amathera m'matope, amuna a m'mudzi wapafupi akufukula matayala ndi makasu, wina atanyamula nyali.

Owerenga ambiri sadzafuna kuuzidwa dzina la mudzi kapena la mayiyo, pakuti nkhani zotere zimamveka chaka ndi chaka, kuyambira ku Nsanje mpaka ku Chitipa. Misewu yodziwika ndi boma m'dziko la Malaŵi ndi yotalika makilomita oposa 15,000, koma yothira tala sikwana ngakhale gawo limodzi mwa magawo atatu. Yotsalayo ndi yafumbi m'chilimwe ndi yamatope m'dzinja, ndipo kumeneko n'kumene kumakhala unyinji wa anthu. Akatswiri awiri, Thaddeus ndi Maine, analemba mu 1994 kuti amayi amafa pobereka chifukwa cha kuchedwa kwa mitundu itatu: kuchedwa kutsimikiza zopita kuchipatala, kuchedwa panjira, ndi kuchedwa kulandira chithandizo atafika. Dziko lino layesetsa ndithu, popeza kalembera wa zaumoyo wa mu 2000 anapeza kuti amayi 1,120 mwa 100,000 obereka ana amoyo ankamwalira, pamene wa mu 2015 ndi 2016 anapeza 439. Komabe mwa kuchedwa kutatu kuja, kwapakatiko n'kumene kumaiwalika msanga, chifukwa sikuchitikira m'nyumba kapena m'chipatala ayi, koma pa dambo pamene palibe wolemba malipoti.

N'chifukwa chake nkhani ya magalimoto amene amalonda amawatcha oyenda paliponse iyenera kuganiziridwa mofatsa. Dzina lokhalo ndi lonyenga, pakuti palibe galimoto yoyenda paliponse. Chilipo n'chakuti ina imapirira kuposa inzake. Chinsinsi chake si chozama. Galimoto wamba imakoka ndi mawilo awiri okha, kotero kuti awiriwo akaterera ulendo watha. Yopirira imakoka ndi onse anayi, ndipo zina zili ndi chida chomanga mawilo kuti azizungulira pamodzi ngakhale limodzi litalendewera m'malere. Mimba yake imakhala patali ndi nthaka kuti isakhule pa miyala ndi pa mizere ya matope imene mathirakitala amasiya. Koma chachikulu koposa ndi kaponderedwe ka nthaka. Bakha amayenda pa thope pamene nkhuku ya msinkhu womwewo ikutitimira, chifukwa phazi lake ndi lotambalala. Chimodzimodzinso tayala lalikulu lokhala ndi mpweya wochepa limaphwatalala, n'kugawa kulemera kwa galimoto pa malo aakulu. Madalaivala okalamba pantchito amadziwa zimenezi popanda buku, ndipo akafika pa mchenga amaphwetsako matayala asanalowemo.

Kale odwala ankanyamulidwa pa machira, amuna akusinthana mapewa, ndipo m'madera ena machirawo sanapume mpaka lero. Land Rover inayamba kupangidwa ku Britain mu 1948, ndipo kwa zaka zambiri ndiyo inali galimoto ya bwanamkubwa, ya mishoni ndi ya chipatala. Pambuyo pake inalandidwa malo ndi Toyota Land Cruiser, makamaka mtundu umene unatuluka mu 1984, umene ambulansi zambiri za m'maboma zimachokerako. Palibe chifukwa chonyozera galimoto imeneyi. Ndi yolimba, amakaniko akuidziwa, ndipo m'kati mwake namwino angathe kugwada pambali pa wodwala n'kumamusamalira ulendo uli m'kati. Vuto lake si mphamvu koma malo amene imagona. Popeza ndi yodula, boma lililonse limakhala nazo zowerengeka, ndipo kawirikawiri zimasungidwa pa chipatala chachikulu. Kukagwa vuto kumudzi, galimotoyo iyenera kuyenda ulendowo kawiri, kupita ndi kubwera, ndipo mwina pa nthawi imene ikuitanidwa imakhala ili kale kumalire ena a bomalo.

Pa mfundo imeneyi dziko la Malaŵi lili ndi umboni wakewake, wosachita kubwereka kunja, umene uyenera kukumbukiridwa nthawi zonse pamene akuluakulu akukambirana zogula magalimoto. M'boma la Mangochi, kumene madera monga Makanjira ali kutali zedi ndi chipatala chachikulu, anaika njinga zamoto zokhala ndi kangolo ka m'mbali pa zipatala zazing'ono zitatu. Kangoloko kanali ndi machira ogonekapo wodwala ndi chotchinga mvula ndi dzuwa. Zotsatira zake zinasindikizidwa mu 2008 ndi Jan Hofman pamodzi ndi anzake, ndipo zinali zogwira mtima. Nthawi yofikitsira mayi ku chipatala chachikulu inafupika ndi maola awiri mpaka anayi ndi theka. Mtengo wogulira ambulansi imodzi ya galimoto unali wokwanira kugula njinga zamoto zotere 19, ndipo kuyendetsa njinga imodzi chaka chathunthu kunkadya madola a ku America 508 okha, pamene galimoto inkadya ndalama zochuluka pafupifupi kuwirikiza ka 24.

Munthu asafulumire kunena kuti njingayo inapambana chifukwa cha liwiro. Pa msewu uliwonse Land Cruiser ingaisiye kutali mthuthuthu wokoka kangolo. Njingayo inapambana chifukwa inkagona pomwepo pamene panali wodwala. Panalibe kuitana, kudikira kapena kufunsa ngati ku boma kuli dizilo. Akuluakulu anati fodya wako ndi amene ali pamphuno, wa pa chala ndi wa mphepo, ndipo mwambiwu sunapeze malo oyenera kuposa pano. Phunziro la ku Mangochi n'lakuti chida chochepa mphamvu chimene chili pafupi chimaposa champhamvu chimene chili kutali.

Ngakhale zili choncho, kungakhale kusaona mtima kubisa zofooka zake. Njinga yamoto ya kangolo imakoka ndi wilo limodzi, kotero mu mchenga wakuya ndi m'makande onyowa imagonja msanga. Wodwala amagwedezeka kwambiri, ndipo namwino sangachite zambiri ulendo uli m'kati. Usiku, woyendetsa ali pambalambanda. Palinso nkhani ya mwambo imene ogula zida ku likulu amaiwala. Pamene njinga zakapalasa zokoka machira zinayesedwa m'chigawo cha kummwera, ofufuza anapeza kuti amayi ambiri apakati sankafuna kuzikwera, chifukwa pa chikhalidwe cha kumeneko matenda a mayi akayamba salengezedwa, ndipo kudutsa pakati pa mudzi atagona pa ngolo yoonekera kunali ngati kuuza aliyense. Amene anapanga ngolozo anayeza mawilo ndi zitsulo, koma sanakhale pansi ndi anamkungwi. Ku South Africa nako, mu 2020, nthambi ya zaumoyo ya chigawo cha Eastern Cape inagwirizana zogula njinga zamoto za mtundu wofananawo 100 pa mtengo wa pafupifupi marandi 10 miliyoni. Nduna ya zaumoyo ya dzikolo inavomera pambuyo pake kuti njingazo sizinakwanitse zoyenereza kuti zikhale ambulansi, ndipo mgwirizano wogulirawo unathetsedwa ndi bwalo la milandu. Chida cha mtundu umodzi chinathandiza ku Mangochi n'kuchititsa manyazi ku Eastern Cape. Kusiyana kwake kunali m'kagulidwe ndi m'kusafotokoza poyera ntchito imene chidacho chingathe ndi imene sichingathe.

Pali mtundu wina umene m'maiko akunja ndiwo kwenikweni umatchedwa woyenda paliponse, ndiwo njinga yamoto ya mawilo anayi, imene ambiri amaitcha quad. Kholo lake linali la mawilo atatu, lopangidwa ndi Honda mu 1970, ndipo Suzuki inatulutsa ya mawilo anayi mu 1982. Matayala ake ndi ofutukuka ndi ofewa, thupi lake ndi lopepuka, ndipo imalowa m'tinjira ta pakati pa minda kumene galimoto siingayerekeze. Magulu opulumutsa anthu m'mapiri, m'nkhalango ndi m'mphepete mwa nyanja m'maiko ambiri amaigwiritsa ntchito potengera zingwe, mankhwala ndi anthu oyamba kufika pa malo a ngozi. Kunonso ingathandize kwambiri. Dera limene mlatho wake wagumuka koma mtsinje waphwera, msasa wa anthu othawa madzi umene ukusowa mankhwala othira m'madzi akumwa pa nthawi ya kolera, mudzi wa pamwamba pa chitunda umene njira yake yadzaza zigwembe, onsewa ndi malo amene njinga yotereyi ingafike tsiku lomwelo m'malo mwa sabata yamawa.

Koma chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Chida chimenechi chapha anthu ambiri m'maiko amene chinafala. Ku America kugulitsa zatsopano za mawilo atatu kunalekeka mu 1988 chifukwa cha kuchuluka kwa ngozi. Za mawilo anayi nazo zimaoneka zokhazikika, pamene zoona zake n'zakuti kulemera kwake kuli m'mwamba ndipo mawilo ake ndi oyandikana, kotero pa malo otsetsereka zimagubuduzika mosachenjeza. Ikamugwera munthu pachifuwa, makilogalamu mazana atatu kapena kuposa amamutsekereza mpweya ngakhale asanathyoke fupa. Ku Australia njingazi zakhala m'gulu la zinthu zopha anthu ambiri m'mafamu, mpaka boma linalamula kuti kuyambira Okutobala 2021 zatsopano zogwirira ntchito zizigulitsidwa zili ndi chitsulo choteteza woyendetsa ikagubuduzika. Zambiri mwa izo zinapangidwira munthu mmodzi yekha, amene ayenera kumasuntha thupi lake pokhota ndi pokwera phiri. Pa chifukwa chimenechi, kukweza wodwala kumbuyo kwa njinga yotere, wina atamugwirizira monga amachitira a kabaza, ndi kuika miyoyo itatu pa chiswe. Ngati cholinga ndi kunyamula wodwala, njira yoyenera ndi kangolo kokokedwa kokhala ndi machira omangirira, kapena mtundu waukulupo umene anthu amakhala moyandikana m'kati mwa khola la zitsulo, atamanga malamba. Ndipo dziko limene likulephera kale kuveka zipewa zolimba anyamata a kabaza m'matauni liyenera kudzifunsa kawiri lisanamwaze njinga zoterezi m'midzi popanda maphunziro.

Madzi osefukira ndi nkhani ina, ndipo ndi pamene mawu akuti paliponse amaonekera bodza lake. Madzi othamanga ofika m'akakolo okha angagwetse munthu wamkulu. Akafika masentimita 30 amayandamitsa galimoto yaing'ono, ndipo akafika 60 amakokolola ngakhale yokoka ndi mawilo anayi. Paipi yokwezera mpweya wa injini pamwamba pa denga imateteza injini kuti isamwe madzi, koma siiletsa galimoto kutengedwa. Madalaivala ena olimba mtima, poona paipiyo, amadziyesa oyendetsa sitima ya pamadzi, ndipo opulumutsa amasanduka ofuna kupulumutsidwa. Anthu a kutsidya la kum'mawa kwa Shire akudziwa bwino tanthauzo la kudulidwa. Mu 1997 madzi anagumula njira ya pakati pa Bangula ndi Chiromo, ndipo kwa zaka zambiri zotsatira anthu ankawoloka pa mabwato pa malo otchedwa Mtayamoyo, dzina losafuna kumasulira. Mu Januwale 2015 mtsinje wa Ruo unasiya njira yake, Makhanga n'kusanduka chilumba chofikika pa helikopita ndi pa boti basi. Chaka chimenecho anthu oposa 100 anafa ndipo pafupifupi 230,000 anasowa pokhala.

Malo oterewa ali ndi vuto lapadera. Madzi akayamba kuphwera pamatsala dera lalikulu limene si mtsinje ndiponso si mtunda: ndi losaya kwa boti la injini, koma ndi lofewa kwa galimoto. Pamenepa ndi pamene galimoto yoyandama ili ndi ntchito yeniyeni. Yodziwika kwambiri ndi Sherp, yopangidwa ku Ukraine, imene matayala ake amafika m'mapewa a munthu wamkulu. Matayalawo amapopedwa ndi utsi wa injini yomweyo, woyendetsa amawaphwetsa kapena kuwalimbitsa ali pampando, ndipo akalowa m'madzi amayandamitsa galimoto yonse, mizere yake n'kumapalasa ngati nkhafi. Imanyamula katundu wokwana pafupifupi tani imodzi, pamtunda imathamanga makilomita 40 pa ola, m'madzi 6 okha. Bungwe la World Food Programme lakhala likuigwiritsa ntchito m'madambo a ku South Sudan, ndipo linaitengeranso ku Mozambique mu 2019 namondwe wa Idai atamiza madera ozungulira Beira. Koma liwiro la makilomita 6 pa ola silisiyana kwenikweni ndi la munthu woyenda ndawala, kotero palibe wanzeru amene angailowetse mu Ruo atakwiya. Mtengo wake umaposa wa ambulansi ya Land Cruiser, ndipo tayala lake silipezeka ku Limbe. Chotero maganizo oyenera ndi akuti dziko likhale nazo zowerengeka, ziwiri kapena zitatu, zosungidwa m'chigwa momwemo kutsidya ndi kutsidya, osati kuzigawa ngati mphatso ku boma lililonse. Ndalama zotsala zigule maboti ndi majekete oyandamitsa, ndiponso zilipire eni mabwato a m'deralo, amene nthawi zonse ndiwo amayamba kuvuula anthu m'mitengo ndi pa zulu asilikali asanafike.

Namondwe wa Freddy, mu Malichi 2023, anaphunzitsa phunziro lowawa koposa. Anakhala masiku 36 asanathe mphamvu, kuposa namondwe wina aliyense wolembedwa m'mabuku, ndipo atalowa kachiwiri ku Mozambique anakhuthulira mvula yake pa mapiri a kummwera kwa Malaŵi. Anthu oposa 1,000 anafa kapena kusowa, ndipo oposa 600,000 anathawa m'nyumba zawo. Ku Chilobwe, m'tsinde mwa phiri la Soche, matope ndi miyala zinatsika usiku anthu ali m'tulo. Malowa ali mu mzinda wa Blantyre, pafupi ndi chipatala chachikulu cha Queen Elizabeth, koma panalibe galimoto ya mtundu uliwonse imene ikanakwera pa miyala yaikulu ngati nyumba. Anthu ndi asilikali anafukula abale awo ndi makasu, mafosholo ndi manja. Ku Phalombe ndi ku Mulanje midzi yathunthu inadulidwa milatho itakokoloka, ndipo thandizo linadalira ndege za helikopita, zina zochokera ku Tanzania ndi ku Zambia, pamene akatswiri ochokera ku Britain anabwera ndi maboti awo. Amene amakumbukira napolo wa ku Zomba mu 1946 ndi wa ku Phalombe mu 1991 sanadabwe ndi ukali wa phiri. Chodabwitsa chinali chakuti patapita zaka zoposa makumi atatu chikhazikitsire lamulo la ngozi zogwa mwadzidzidzi, limene linabadwa chifukwa cha tsoka la ku Phalombe lomwelo, dziko linapezekanso likudikira zida za anansi. Lamulolo linalowedwa m'malo ndi latsopano mu 2023, ndipo mtengo wake udzadziwika ndi zipatso zake.

Tsono pa tsoka la mtundu wa Freddy, galimoto yopirira si ya ola loyamba. Ntchito yake imayamba tsiku lachiwiri ndi lachitatu, pamene ovulala akufunika kutsitsidwa kuchokera pamene machira afika kupita pamene msewu wayambira, pamene odwala amene amamwa mankhwala tsiku ndi tsiku atsala opanda kanthu, ndiponso pamene amayi oyembekezera a m'misasa afika masiku awo, pakuti mwana sadikira kuti mlatho umangidwe. Helikopita imadya ndalama zochuluka pa ola lililonse, siuluka mu nkhungu, ndipo ya mnansi imabwerera kwawo pakapita masabata owerengeka. Midzi yodulidwa imakhala yodulidwa miyezi.

Chimene chimapha magalimoto a chithandizo m'maiko osauka kawirikawiri si matope, koma kusasamalidwa. Aliyense amene anazungulirako kuseri kwa chipatala cha boma anaonako manda a magalimoto: ambulansi zokhazikidwa pa njerwa, udzu utamera m'kati, nkhuku zikuikira pa mpando wa dalaivala. Zambiri mwa izo sizinagundidwe ayi. Ina inasowa kachitsulo ka mtengo wochepa, inaimikidwa kuti idikire, kenaka batire lake linabwerekedwa, tayala linapita kukathandiza inzake, ndipo pomatha chaka inali chigoba. Wopereka mphatso amakonda tsiku la mwambo wopereka makiyi, pamene pali atolankhani ndi magule, koma mafuta a injini a mwezi wachisanu ndi chimodzi alibe mwambo. Bungwe la Riders for Health, limene njinga zake zamoto zakhala zikunyamula magazi ndi makhololo okayezedwa kuchokera ku zipatala zazing'ono za m'dziko lino, linamanga ntchito yake yonse pa mfundo imodzi yosavuta: chida chisadikire kuwonongeka. Woyendetsa amachiyendera m'mawa uliwonse asanalize injini, makaniko amachikonza pa makilomita oikika ngakhale chikuoneka chabwino, ndipo ndalama zoyendetsera zimawerengedwa pa kilomita iliyonse chisanagulidwe n'komwe. Popanda mwambo wotere, kugula Sherp kapena quad ndi kungowonjezera mitundu ya zigoba kuseri kwa chipatala. Ndipo chida chikakhala chachilendo, imfa yake imafulumira, popeza Land Cruiser ingathe kupeza chitsulo chakale kwa amakaniko a ku Ndirande kapena ku Biwi, pamene chachilendocho chiyenera kudikira ndalama zakunja ndi sitima.

Mafuta nawo ali ndi nkhani yawo. Dziko lino linaona mizere italiitali pa malo omwetsera mafuta mu 2011 ndi 2012, ndiponso kangapo pakati pa 2022 ndi 2024. Galimoto yopulumutsa anthu imene thanki yake imadalira mzere womwewo ndi ya maloto chabe. Payenera kukhala migolo yosungidwa, yotsekedwa ndi loko, yolembedwa m'buku, imene siitsegulidwa chifukwa cha msonkhano wa ku nyanja kapena ulendo wa bwana. Apa mpamene pagona yesero lalikulu, pakuti galimoto yopirira msewu woipa ndi yomweyonso imene aliyense amaisirira pokatenga chimanga kumudzi, pokaperekeza ukwati, ngakhale pa misonkhano yokopa anthu. Kunyamula maliro ndi ntchito yolemekezeka ndipo palibe Mmalaŵi angaipeputse, koma ambulansi imene yapita kukatula maliro makilomita 80 siingathe kutenga wamoyo amene akutaya magazi. Pamene chida chaikidwa pa chipatala chaching'ono, komiti ya zaumoyo ya m'deralo pamodzi ndi mafumu ayenera kudziwa malamulo ake ndi kukhala ndi ufulu woona buku la maulendo, chifukwa anthu amene adzachifune usiku ndiwo alonda ake okhulupirika.

Ena adzatsutsa kuti zonsezi ndi kumata zigamba pa nsalu yakutha, ndipo kuti mankhwala enieni ndi misewu yabwino ndi milatho yolimba. Akunena zoona, ndipo palibe galimoto imene iyenera kukhala chowiringula cha boma pa udindo umenewo. Koma kilomita imodzi ya tala imadya ndalama zogulira njinga zamoto za ambulansi zambirimbiri, ndipo ngakhale chuma chitayenda bwino chotani, tala sadzafika pa khomo la chipatala chaching'ono chilichonse m'badwo uno. Kuwonjezera apo, Ana mu 2022 ndi Freddy mu 2023 anaonetsa kuti msewu wa tala nawo umaduka. Ngakhale M1 yeniyeniyo inadukapo m'chigwa cha Shire. Enanso adzati nzeru yabwino ndi kusamutsa anthu m'malo angozi ndi kulimbikitsa amayi kukadikirira ku chipatala masiku awo akayandikira. Zimenezinso n'zoona, ndipo nyumba zodikirira zathandiza amayi ambiri. Koma mayi wodikirira pa chipatala chaching'ono akafuna opaleshoni ulendo uja ulipobe, ndipo wolumidwa ndi njoka, wogwidwa ndi ng'ona kapena mwana wokomoka ndi malungo sapatsidwa tsiku loti akadikirire.

Chofunika tsono si kufunsa kuti galimoto yabwino koposa ndi iti, koma kutenga mapu a boma lililonse ndi kufunsa za chipatala chimodzichimodzi kuti m'mwezi wa Febuluwale chimafikika motani. Mayankho adzasiyana. Ku Usisya ndi ku Ruarwe, kumene mapiri amagwera m'nyanja, boti la injini lidzaposa chilichonse cha mawilo. M'zigwa za Dowa, Kasungu ndi Mchinji njinga yamoto ya kangolo idzakwanira miyezi yambiri ya chaka. M'mapiri a Neno, Ntchisi ndi Misuku mudzafunika galimoto yokoka ndi mawilo anayi yokhala ndi chingwe chodzikokera, ndi dalaivala amene anaphunzitsidwa kuchigwiritsa ntchito osadula zala za omuthandiza. M'madambo a Chilwa ndi a Shire ndimo muli malo a galimoto yoyandama. Anthu odziwa mayankho amenewa alipo kale ndipo safuna malipiro a katswiri wochokera kunja: ndi madalaivala a ambulansi, azamba, alangizi a zaumoyo ndi anyakwawa, amene angathe kutchula dzina la khwawa lililonse limene limameza galimoto ndi mwezi umene limayamba kutero.

Ntchito yonseyi ili ndi nyengo yake, ndipo nyengoyo ndi Seputembala ndi Okutobala, pamene mitsinje ili mchenga wokhawokha ndipo nthambi ya zanyengo yangolengeza m'mene mvula idzagwere. Imeneyo ndiyo miyezi yosintha matayala, yoyesa zingwe, yodzaza migolo, yophunzitsa oyendetsa awiri pa chida chilichonse kuti wina akadwala china chisaime, ndi yowolotsa zida kupita nazo kutsidya kumene zikafunike. Boti kapena galimoto yoyandama imene yasungidwa ku Lilongwe kapena ku Blantyre iyenera kutsika chitunda cha Chikwawa pa lole, ndipo madzi akadula msewu pa Thabwa kapena pa Bereu, idzafika ku Makhanga pamodzi ndi atolankhani.